MASAMU PA KHONDE: Nambala 68,918 Tiifunse Mfunda Wake

Mlendo akafika pamudzi, akulu samuthawa cifukwa ca kutalika kwa msinkhu wake. Amamupatsa mpando ndi madzi akumwa, ndipo akapuma amamufunsa kumene wacokera, dzina la amai ake ndi mfunda wake. Pofika madzulo mudzi wonse umakhala utadziwa ngati ali mbale kapena ai. Mlungu uno, owerenga athu, takubweretserani mlendo wamtali amene ambiri akamuona pa pepala amangopukusa mutu ndi kutembenuza tsamba. Mlendoyo ndiye nambala iyi: 68,918.

Sinacokere kutali. Pamene anthu anawerengedwa m'dziko lonse la Zambia m'caka ca 2010, m'boma la Mambwe, ku Malambo, kwao kwa mafumu asanu ndi mmodzi a Akunda, ndiwo Nsefu, Jumbe, Kakumbi, Malama, Mnkhanya ndi Msoro, munapezeka anthu 68,918. M'dziko lonse munali anthu 13,092,666, ndiye kuti mwa anthu 190 ali onse mmodzi anali wa ku Mambwe. Kucokera nthawi imeneyo anthu aculuka kwambiri, ndipo kalembera wa 2022 anapeza oposa 100,000 m'bomali. Ife tasankha nambala ya 2010 cifukwa mamangidwe ake ngokoma kuwaonetsa, monga mudzaona tikafika pakati pa nkhani.

Tiyambe ndi kuichula. M'Cinyanja timati: zikwi makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi zitatu, mazana asanu ndi anai, khumi limodzi kudza zisanu ndi zitatu. Mpweya umatha munthu asanafike kumapeto. Cifukwa cake ncakuti makolo athu anali kuwerenga ndi zala: akafika pa zisanu anali kuolokera ku dzanja lina, zisanu ndi cimodzi, zisanu ndi ziwiri, kufikira manja onse awiri atakumana pa khumi. Kuwerenga kotere kunali kokwanira pa mbuzi, makasu ndi mitanga ya mapira. Lero ngakhale nkhalamba imene sinapondeko m'kalasi imachula mtengo wa mcere m'Cingerezi, ndipo ife sitiona colakwa pamenepo, malinga munthu adziwe cimene akuchula.

Nanga kukula kwake nkotani? Mutati muitane anthu onsewo mmodzi-mmodzi, dzina limodzi pa sekondi iri yonse, osapuma ngakhale kumwa madzi, mungathe maola 19, mphindi 8 ndi masekondi 38. Mutayamba tambala woyamba akulira, mungatsirize usiku anthu atagona kale. Mukaisandutsa masiku ikwana zaka 188 ndi miyezi isanu ndi itatu. Wina akadayamba kuponya mwala umodzi m'nkhokwe tsiku liri lonse kuyambira pamene Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi mu November 1835, mwala wotsiriza ukadagwa pakati pa caka ca 2024.

Yang'ananinso zilembo zake zisanu. Cilembo 8 cikuoneka kawiri, koma mphamvu zake nzosiyana: 8 wa kumapeto ndi anthu asanu ndi atatu cabe, banja limodzi, pamene 8 woyandikana ndi 6 ndi anthu 8,000. Ulemu wa cilembo umacokera pa mpando umene cakhalapo. Izi tinaziona ndi maso pa 1 January 2013, pamene Bank of Zambia inacotsa maziro atatu pa ndalama zathu. Amene anagona ndi K68,918 yakale anadzuka ali ndi K68 ndi mangwee pafupi-fupi 92. Cuma cake sicinacepe ai, zilembo zinangosuntha mipando.

Tsopano tiifunse mfunda. Kufunsa nambala mfunda wake ndiko kufuna kudziwa manambala amene angaigawe popanda cotsala. Mafunso oyamba safuna pensulo. Nambala iri yonse yothera pa 0, 2, 4, 6 kapena 8 igawika pawiri. Yathuyi yathera pa 8, conco anthu a ku Mambwe akadaima awiri-awiri palibe akadasowa mnzake, ndipo magulu akadakhala 34,459. Pa 5 ndi pa 10 ikana, pakuti sinathere pa 5 kapena pa 0. Pa 4 timangoyang'ana zilembo ziwiri za kumapeto, popeza mazana onse agawika panai okha. Zilembozo ndi 18, ndipo 18 pogawa panai atsala 2. Pamenepanso yakana.

Funso la 3 ndilo tifuna mulisunge bwino, cifukwa lidzakuthandizani ku msika. Wonkhetsani zilembo zonse: 6 ndi 8 ndi 9 ndi 1 ndi 8, zikwana 32. Ngati cimene mwapezaco cigawika patatu, nambala yonse igawika patatu. Ngati sicigawika, cotsala cake ndico cotsala ca nambala yonse. Pa 32 patsala 2, conco pa 68,918 patsalanso 2. Si matsenga. Khumi ndi 9 kudza 1, zana ndi 99 kudza 1, cikwi ndi 999 kudza 1. Manaini onsewo agawika patatu popanda mkangano, ndipo cotsala pa khumi liri lonse, pa zana liri lonse ndi pa cikwi ciri conse ndi kamodzi kaja. Timodzi-timodzi timeneti tikatisonkhanitsa, ndito zilembo zimene mwawonkhetsa zija. Njira yomweyi igwiranso nchito pa 9: pa 32 patsala 5.

Pakuti yakana pa 3, ikananso pa 6. Wina atati agawe anthu a ku Mambwe mofanana kwa mafumu asanu ndi mmodzi aja, mfumu iri yonse ikadalandira 11,486 ndipo awiri akadatsala pabwalo. Tikunena za masamu cabe pano. Tonse tidziwa kuti maiko a mafumuwa safanana kuculuka kwa anthu, ndipo anthu sagawidwa ngati nsomba.

Tipatuke pang'ono, pakuti kuwonkhetsa zilembo kumeneku kuli ndi nchito ina yaikulu. Tiyerekeze kuti mlimi wa kwa Msoro wapita ndi thonje ku sikelo, ndipo lalemera makilo 437. Mtengo tiuike pa K12 pa kilo, wongoyerekezera. Kalaliki walemba pa risiti K5,144. Mlimiyo sadziwa kuculukitsa 437 ndi 12 pamtima, pambuyo pake pali mzera wautali, ndipo acita manyazi kufunsa. Koma kuwonkhetsa adziwa. Atenge 437: 4 ndi 3 ndi 7 ndi 14, ndipo 1 ndi 4 ndi 5. Atenge 12: 1 ndi 2 ndi 3. Aculukitse 5 katatu, apeza 15, ndipo 1 ndi 5 ndi 6. Tsono yankho loona nalo liyenera kufika pa 6. Ayese la kalaliki: 5 ndi 1 ndi 4 ndi 4 ndi 14, ndipo 1 ndi 4 ndi 5. Sizinakumane. Pamenepo mlimi angathe kunena mwaulemu kuti, "Pepani bambo, taonaninso masamuwa." Yankho loona ndi K5,244, limene zilembo zake zikwana 15, ndiye 6 uja. K100 yathunthu inali kutsalira pa thebulo, kaya mwangozi kaya mwadala.

Koma tikucenjezeni: njirayi igwira zolakwa zambiri, osati zonse. Kalaliki akasinthanitsa zilembo nalemba K2,544 m'malo mwa K5,244, kuwonkhetsa kudzafikabe pa 6. Pa colakwa cotere cida ndi nzeru za m'mutu: makilo 400 pa K12 ndi K4,800 kale, conco yankho silingacepere pamenepo.

Tibwerere kwa mlendo wathu, amene pa 2 pokha ndiye wabvomera. Pa 7 akana, patsala 3. Pa 11 akana, patsalanso 3. Pa 13 akana, patsala 5. Ambiri akafika apa amatopa nanena kuti nambalayi ndi youma mutu. Koma yesani 17, ndipo muyang'ane mbali ziwiri za kampatuko kamene kali pakati pa 68 ndi 918. Pa 68 muli ma 17 anai eni-eni. Pa 918 muli ma 17 okwana 54 eni-eni. Conco 68,918 ndi 17 kuculukitsa ndi 4,054, popanda cotsala. Ndiye cifukwa cake tinati mamangidwe ake ngokoma: mfunda wake wauika poyera, kungoti sitinali kuyang'ana. Tsono 4,054 tikamugawa pawiri tipeza 2,027, ndipo mlendo wachula makolo ake atatu: 2, 17 ndi 2,027. Culukitsani atatuwa, mudzabwerera pa 68,918.

Kodi makolowa ali ndi makolo aonso? Ai. Manambala 2 ndi 17 sagawika ndi nambala ina iri yonse koma 1 ndi iwo eni. Otere aphunzitsi amawacha prime numbers. Ife tiwache manambala osagawika. Oyamba ao ndi 2, 3, 5, 7, 11, 13, 17, 19 ndi 23. Nambala ina iri yonse yoposa 1 imamangidwa ndi amenewa, ndipo imamangidwa m'njira imodzi yokha. Mungayambe kuphwanya 68,918 ndi 2 kapena ndi 17, pamapeto mudzapeza atatu omwewo. Munthu angabise mfunda wake akapita ku migodi, koma nambala singatero.

Za 2,027 mwina mukayika, ndipo mucita bwino kukayika. Munthu angadziwe bwanji kuti nambala yotere sigawika, popanda kuyesa manambala zikwi ziwiri? Pali njira yacidule. Nambala ikagawika, magawo ake amabwera awiri-awiri, wamng'ono ndi wamkulu, monga 17 ndi 4,054 aja. Tsono 45 kuculukitsa ndi 45 ndi 2,025, ndipo 46 ndi 46 apitirira kale 2,027. Ndiye kuti ngati 2,027 ali ndi omugawa, wamng'ono wa iwo sangapose 45. Osagawika a pansi pa 45 alipo 14 cabe, kuyambira 2 kulekeza 43. Tawayesa onse ndipo onse asiya cotsala. Wotsiriza, 43, alowa nthawi 47 nasiya 6. Mwana wa Giredi 7 angathe nchitoyi nsima isanapse, ndipo makolo mungamupatse kuti atsimikize ngati tanena zoona.

Cina cokondweretsa ncakuti 2,029 nayenso sagawika. Osagawika awiri osiyana ndi 2 cabe amachedwa mapasa, monga 11 ndi 13, kapena 17 ndi 19. Conco mwa makolo atatu a nambala yathu, awiri ndi mapasa, ndipo zaka 2027 ndi 2029 pa kalendala ndi zaka zamapasa. Euclid, katswiri wa ku Alexandria m'dziko la Egypt, anatsimikiza zaka zoposa 2,200 zapitazo kuti manambala osagawika alibe mapeto. Koma ngati mapasa nawonso alibe mapeto, limeneli ndi funso limene akatswiri a dziko lonse akali kulimbana nalo. Mu 2013 Yitang Zhang anasendeza nkhaniyi patsogolo poonetsa kuti osagawika oyandikana amene kusiyana kwao sikufika 70,000,000 sadzatha konse. Kucoka pa 70,000,000 kufika pa 2 ulendo ulipo, ngakhale ena anaufupikitsa kwambiri pambuyo pake.

Tsopano tiwerenge onse amene angagawe 68,918. Alipo asanu ndi atatu: 1, 2, 17, 34, 2,027, 4,054, 34,459 ndi 68,918 mwini. Nambala iri yonse yomangidwa ndi osagawika atatu osiyana imakhala ndi oigawa asanu ndi atatu, osaposa, osacepa; yaing'ono koposa ya mtundu umenewu ndi 30, amene ali 2, 3 ndi 5. Mukadakhala ndi mbande 68,918 zoti muoke m'mizera yofanana, njira yooneka ngati munda ikadakhala imodzi: mizera 34 ya mbande 2,027. Munda wolingana mbali zonse zinai sungatheke, pakuti 262 kuculukitsa ndi 262 ndi 68,644, ndipo 263 ndi 263 ndi 69,169. Ndiponso nambala yoculukitsidwa ndi iyo yokha sithera pa 2, 3, 7 kapena 8.

Kunena zoona, oigawa asanu ndi atatu pa nambala yaikulu cotere ndi umphawi. Yerekezani ndi 240, nambala yaing'ono imene iri ndi oigawa 20. Akulu amene anagwirako ndalama zakale aidziwa bwino, pakuti paundi imodzi inali masheleni 20, sheleni mapeni 12, onse pamodzi mapeni 240. Amuna atatu akalima ganyu ya paundi, ali yense anali kutenga masheleni 6 ndi mapeni 8, nasiyana mwamtendere. Kwacha itabwera mu January 1968 ndi mangwee ake 100, kuwerenga kunapepuka kwambiri, koma kugawa patatu kunabvuta: mangwee 33 ali yense, ndi ngwee imodzi yotsala yopanda mwini. Nambala 100 iri ndi oigawa 9 cabe, ndipo 3 mulibe. Cimodzi-modzi thumba la cimanga. Lakale la makilo 90 linali kugawika kwa mabanja awiri, atatu, asanu, asanu ndi limodzi, asanu ndi anai kapena khumi. La makilo 50 lipepuka pa njinga, koma pa mabanja atatu lisiya makilo awiri. Mikangano ina ya pa mzera wa cakudya siyamba cifukwa ca umbombo wa wogawa. Iyamba cifukwa nambala yakana. Komiti yanzeru imayamba yafunsa nambala mfunda wake, nigwirizana za cotsala thumba lisanamasulidwe.

Agiriki akale anali ndi njira inanso yoikira manambala m'magulu, imene Nicomachus wa ku Gerasa analemba zaka pafupi-fupi 1,900 zapitazo. Anali kuwonkhetsa oigawa onse kupatula nambala yeni-yeniyo. Pa 6 ndi 1, 2 ndi 3, amene akwana 6 ndendende. Yotere anaicha yamphumphu. Pa 12 ndi 1, 2, 3, 4 ndi 6, amene akwana 16, kuposa 12. Yotere ndi yosefukira. Pa yathu, 1, 2, 17, 34, 2,027, 4,054 ndi 34,459 akwana 40,594, amene safika pa 68,918. Conco ndi yoperewera, ndipo pa ici palibe manyazi, pakuti manambala ambiri ngotero. Amphumphu ndiwo osowa: 6, 28, 496, 8,128, ndipo wotsatira ali kutali pa 33,550,336. Onse amene apezeka agawika pawiri.

Wina angafunse kuti kuphwanya manambala kotere kudyetsa yani. Kuculukitsa 17 ndi 2,027 nkosabvuta, koma kupatsidwa 34,459 kuti mupeze makolo ake kunatitengera kuyesa kangapo. Nambala ikakhala ya zilembo mazana-mazana, yomangidwa ndi osagawika awiri akulu-akulu, ngakhale kompyuta imalephera kuiphwanya pa moyo wa munthu. Pa kubvuta kumeneku ndipo pamangidwa zina mwa njira zimene mabanki amatsekera mauthenga a ndalama kuti akuba asawawerenge. Ofuna-funa osagawika akulu nawonso sagona: mu October 2024 kunapezeka wa zilembo 41,024,320. Kumulemba cilembo cimodzi pa sekondi, usana ndi usiku, kungatenge masiku oposa 470.

Pali cinthu cimodzi cimene tiyenera kunena mosabisa. Zonse tafotokozazi ndi za nambala, si za anthu a ku Mambwe. Palibe mwai kapena tsoka m'kukhala ndi 17 pakati pa makolo, ndipo wina asakunamizeni kuti 2,027 akulosera kanthu za caka cimeneco. Mwana mmodzi akadabadwa usiku umodzi msanga, nambala ikadakhala 68,919, imene sigawika pawiri koma igawika patatu, pakuti zilembo zake zikwana 33. Mfunda wonse ukadasintha, koma Mambwe akadakhala yemweyo.

Ndiponso si nambala iri yonse imene iyenera kufunsidwa mafunso otere. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 kunanenedwa kuti m'cigwa ca Luangwa munali njobvu pafupi-fupi 100,000, zisanathedwe ndi opha nyama mopanda lamulo m'zaka zotsatira. Palibe anaziwerenga imodzi-imodzi. Akatswiri anauluka ndi ndeke pamwamba pa mizera ina ya thengo, nawerenga zimene anaona, naculukitsa molingana ndi kukula kwa dera lonse. Nambala yotere ndi yoyerekeza, ndipo maziro ake asanu ali ngati munthu wonena kuti "capafupi pamenepo". Ndi yothandiza ndithu, koma kufunsa ngati njobvuzo zigawika pa 17 nkutaya nthawi. Imene yathera pa 918 ikudziwitsani kuti panali anthu amene anayenda khomo ndi khomo ndi mapepala m'manja. Conco mukamva nambala pa msonkhano, ya ndalama za nyama zobwera ku mudzi, ya matumba a feteleza kapena ya maukonde a udzudzu, funso loyamba likhale lakuti: kodi yawerengedwa kapena yayerekezedwa? Ngati akuti yawerengedwa koma yathera pa maziro okha-okha, pemphani kuti akuonetseni buku.

Nayi nchito ya mlungu uno. M'caka comweco ca 2010, maboma asanu ndi awiri a Chadiza, Chipata, Katete, Lundazi, Mambwe, Nyimba ndi Petauke, monga malire ao analiri nthawi imeneyo, anali ndi anthu 1,592,661 onse pamodzi. Popanda kugawa kwa pa pepala, tiuzeni ngati nambalayi igawika pa 2, pa 3, pa 5 ndi pa 9, ndipo pamene yakana munene cotsala. Ana ayambe ndiwo, akulu aone ngati akhoza. Mayankho tidzaika pa tsamba lomwe lino mlungu wa mawa.